Mulu wa Chipale Wokana Kusungunuka

Nkhani iyi si yopeka, ndipo sindinaitole m'basi kapena pamowa. Ndinaimva kwa Sabyr, amene ankayendetsa thirakitala chaka chimenecho ndipo anaona ndi maso ake chimene chinali m'muluwo. Za m'nyumba anandiuza ndi Marzhan, mwana wa mayi amene zinamugwera. Onse awiri akali moyo kuno ku Karaganda. Wokayika apite akawafunse, koma asakawafunse pa nthawi ya chakudya.

Mayiyo dzina lake ndi Ulbosyn. Mwamuna wake, Kairzhan, atamwalira ndi nthenda ya m'mapapo imene imatenga anthu a m'migodi ya malasha, iye analowa ntchito m'gulu losamalira panja pa nyumba ina yaikulu ya masitolo. Ntchito ya panja ilibe mwezi wopuma. Dzuwa likatentha ankatchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa. Masamba akayamba kuyoyoka ankasesa ndi kukulunga timitengo tanthete m'masaka kuti chisanu chisatiphe. Chipale, madzi oundana ofewa aja ogwa kuchokera kumwamba, chikagwa ankapala, kuswa madzi oundana pamasitepe, ndi kumwaza mchenga wosakaniza ndi mchere kuti ogula asaterereke. Ndipo chipalecho chikasungunuka ankatola zonse zimene anthu anabisamo: zotsala za ndudu, matewera, mabotolo, ndi ndowe za agalu zimene zimagona nyengo yonse yozizira n'kudzadzukira pamodzi tsiku limodzi. Ntchitoyi inamuphunzitsa kupumira pakamwa, koma sinamuphunzitse kuzolowera. Anali mayi waukhondo wonyanya, woti akafika kunyumba ankayamba wasamba m'manja asanapereke moni kwa mwana wake.

Lachinayi lililonse madzulo Ulbosyn ankakazinga shelpeki, timikate topyapyala tija, monga achitira aliyense amene ali ndi wake kumanda. Akufa sadya mkate, amadya fungo la mafuta otentha, ndipo wokazinga amatchula dzina la amene akumudyetsa kuti fungolo lisasochere. Iye ankatchula la Kairzhan. Usiku wake kawirikawiri ankamulota atakhala patebulo, akupukuta ndevu monga ankachitira akakhuta. M'mawa mwake mikateyo ankapita nayo kuntchito n'kugawira anzake.

Kumapeto kwa bwalo loimikapo magalimoto kunkadutsa mapaipi akuluakulu a madzi otentha otenthetsera nyumba. Pansi pa mapaipiwo pankagona mkulu wina wopanda kwawo, woonda ngati mpini wa tsache. Anthu ankangomutchula kuti mkulu wa pamapaipi. Fungo lake linkafika mwini wake asanafike: mkodzo wakale, mowa, ndi chilonda cha pamwendo chimene ankachimanga ndi pepala lapulasitiki. Ulbosyn akamasesa chakumeneko ankakokera mpango pamphuno.

Lachisanu lina mu Januwale, akudutsa ndi mikate yake, mkuluyo anatambasula dzanja. Ulbosyn anaona zikhadabo zakuda ndi khungu long'ambika. Kumana munthu mkate wa Lachinayi ndi tchimo, choncho sanamumane. Koma m'malo mouika m'dzanjamo, anauika pamwamba pa paipi monga tiikira chakudya cha galu, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndi wa yani mkatewu, mwana wanga?" anafunsa mkuluyo.

"Ndi wa amuna anga, a Kairzhan."

Mkulu uja anatukula manja napempherera Kairzhan bwinobwino, osaphonya liwu, kenaka anadzisisita kumaso. Atatero anati, "Ali ndi mwayi amuna anuwo. Ine ndikadzapita palibe wodzanditenthetsera mafuta. Mukadzakumbukira, mudzaponyemo kamkate kamodzi kanga. Dzina langa ndine..."

Pomwepo mphepo inatembenuka n'kumuponyera Ulbosyn fungo lonse la chilonda pamaso. Anatseka mphuno n'kuyenda chothawa. Dzinalo linatchulidwa kumbuyo kwake, koma mpango ndi chipewa zinali zitamuphimba makutu. Sanacheuke.

Sabata yotsatira kunabwera chimphepo cha chipale chimene chinatseka misewu yonse. Kapitawo wawo, Meirbek, mwamuna wa jekete yonyezimira amene ankaopa eni masitolo kuposa Mulungu, analamula kuti bwalo likhale lotseguka ogula asanafike. Magalimoto otulutsira chipale kunja kwa mzinda sakanatha kubwera, choncho anauza Sabyr kuti akankhire chonse kungodya ya kumapaipi. Sabyr anayamba kusanache, akuona zoyera zokhazokha pagalasi. Akuti anaimba hutala ndi kufuula, ndipo popeza sanayankhidwe, anaganiza kuti mkuluyo wapita kukabisala kusiteshoni ya sitima. Pofika m'mawa mulu unali utapitirira denga la basi.

Sabata yomweyo galimoto yotenga mafuta otha ntchito a m'malo odyera a m'nyumbamo nayonso inalephera kufika. Ophika atadandaula kuti migolo yadzaza, Meirbek anawauza kuti azikathira pamulu paja, poti m'chisanu mafuta amagwirana ndipo sanunkha. Misewu inatseguka, koma galimoto ija palibe anaiitananso. Nyengo yonse yozizira ophika ankatuluka madzulo ndi zidebe za mafuta akuda okazingira nkhuku ndi nsomba, mpaka muluwo unachita chikhungu chachikasu ngati nkhanambo ya chilonda.

Mkulu wa pamapaipi sanaonekenso. Kunena zoona, Ulbosyn anapuma bwino.

Mu Epulo gulu linayamba kuswa milu ndi kumwaza chipale paphula kuti dzuwa lichimalize, monga amachitira chaka chilichonse. Milu yonse inatha. Wa kumapaipi wokha Meirbek analetsa kuukhudza, poopa kuti mafuta akafalikira paphula eni masitolo adzafunsa kumene achokera. Anati usungunuka wokha.

Sunasungunuke. Meyi anafika, mitengo inapakidwa laimu kutsinde, maluwa anabzalidwa, anthu anavula majekete, koma muluwo unangokhala pomwepo, wakuda, osatsika ngakhale pang'ono. Pansi pake panali pouma. Sunkatulutsa ngakhale dontho la madzi. Unkatulutsa fungo. Silinali fungo la chinthu chakufa, limene Ulbosyn ankalidziwa bwino chifukwa cha amphaka amene ankawapeza chipale chikasungunuka. Linali fungo lonona la mafuta ovunda, lokakamira kukhosi, loti ukalipuma m'mawa umalilawabe madzulo. Agalu osokera ankazungulira patali. Akhwangwala, amene amalimbirana ngakhale thewera, ankakhala pawaya atalozetsa misana kumuluko. Ntchentche, zimene sizisankha, sizinkaterapo.

Lachisanu lina m'mawa Ulbosyn anaona kuti chikhungu chachikasu chija chili ndi mizere yosalala, yonyowa, yofanana ndi pamene ng'ombe yanyambita mchere. Anaitana Sabyr. Iyeyu anali mnzake wa Kairzhan wa msinkhu umodzi, ndipo chifukwa cha chimenecho anali ndi ufulu womunyogodola mkazi wa mnzakeyo mmene angafunire.

"Alamu, si inu kodi munabwera kudzanyambita?" anatero Sabyr. "Ngati umasiye wafika pamenepa, bwerani kwathu tizikudyetsani."

"Pakamwa panupo pakununkha kuposa muluwu. Tayang'anitsitsani."

Sabyr anawerama akuseka. Kuseka kunathera pomwepo. Mizere yonse inkathera pabowo limodzi, laling'ono ngati chibakera, lolowera m'kati. Anaika chikhato pabowopo n'kuchichotsa msanga, kenaka anachipukuta pabuluku nthawi yaitali. Anangonena kuti ndi makoswe, n'kubwerera kuthirakitala yake. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza kuti m'bowomo munkatuluka mpweya wofunda, ndipo unkatuluka modukizadukiza.

Lachinayi lotsatira Ulbosyn anakanda ufa wake monga mwa masiku onse, nathira mafuta atsopano m'chiwaya chotsuka bwino. Mkate woyamba utangogwera m'mafuta, fungo la mulu uja linadzaza khitchini. Marzhan anatsegula mawindo n'kuthamangira kubafa kukasanza. Mikateyo inkaoneka bwino, yofiirira, koma kuilawa inali ngati kunyambita chidebe cha ophika aja. Mkate sutayidwa kudzala, choncho Ulbosyn anaunyenyera mbalame pawindo. Mbalame sizinaukhudze.

Sabata ina anabwereka chiwaya kwa mnansi nagula mafuta kusitolo ina. Zinali chimodzimodzi. Chinaonjezerekapo ndi chakuti atangotchula dzina la Kairzhan, mafuta amene ankathetheka analeka zii, ngati moto wazima, pamene moto unali ukuyaka.

Usiku umenewo analota mwamuna wake. Sanakhale patebulo. Anaima kunja kwa chitseko, masaya atalowa, dzanja lili pamphuno.

"Lowani, bambo a Marzhan," anatero Ulbosyn m'malotomo.

"Ndili ndi njala," anayankha Kairzhan, "koma pakhomo pali munthu."

Ulbosyn anadzuka akudziwa chimene chinali m'mulu muja. Mwina anali akudziwa kale, koma tsopano mwamuna wake anali kugona ndi njala kumanda, ndipo icho sakanatha kuchisesera pambali.

Anapita kwa Meirbek n'kumupempha mwaulemu kuti muluwo uswedwe. Meirbek anakana, nati oyendera zaukhondo akaona mafutawo onse apita. Ulbosyn atanena kuti m'menemo muli munthu, kapitawoyo anaseka nati muli mizimu ya nkhuku zokazinga. Kenaka anasiya kuseka.

"Amayi, ntchito yanu ndi tsache. Mukaukhudza muluwo, mudzapachike tsachelo n'kumapita kwanu."

Ntchito imeneyo ndiyo inkawadyetsa iye ndi mwana wake, amene anali akadali pasukulu ya unamwino. Ulbosyn anasesa tsiku lonse akuganiza. Madzulo anamupeza Sabyr akupukuta thirakitala ndipo anamuuza za maloto aja. Sabyr sananyogodole. Anayang'ana pansi.

"Alamu, ndinaimba hutala. Ndikulumbira, ndinaimba."

"Sindikukufunsani za hutala. Mnzanu ali ndi njala."

Sabyr anati ndiye abweretse thirakitala, ntchito yake ndi ya kamphindi. Ulbosyn anakana, nati munthuyo anakankhidwa kale kamodzi ndi chitsulo chimenecho, ndipo kamodziko n'kokwanira. Anagwirizana zokumba ndi manja.

Anakumana mawa lake kutangocha, bwalo lili lopanda galimoto. Dzuwa linali litatuluka kale, ndipo mpheta zinkalira m'mitengo ya kutsogolo. Kungodya ya kumapaipi kokha kunali chete. Sabyr anatenga piki, Ulbosyn fosholo. Onse anamanga mipango pamphuno.

Piki yoyamba inalowa mopanda phokoso, ngati mu nyama yonona. Chikhungu chinang'ambika. M'kati chipale chinali chotuwa, chodutsa mizere yachikasu. Chinkamata pafosholo. Chinkalowa m'magolovesi n'kuterera pakati pa zala. Fungo linapyola mipango ngati palibe chimene avala. Ulbosyn anapitiriza kukumba motsata bowo lija.

Sabyr anaimika piki m'mwamba.

"Mwamva?" ananong'ona.

Anaima onse awiri. M'kati mwa mulu munkamveka kaphokoso konyowa. Milomo. Ngati munthu wopanda mano akuyamwa fupa. Kanaleka. Kanayambanso.

"Ndi madzi akudontha," anatero Sabyr.

"Mulu uwu sudontha."

Anakumbanso. Kaphokoso kanayandikira. Kenaka piki inapyola pamalo opanda kanthu, khoma la chipale linagumukira kumapazi kwawo, ndipo kaphokoso kanaleka.

Munali mphanga yaing'ono. Mkulu wa pamapaipi anali atakhala m'menemo atatsamira paipi, mawondo ali pachifuwa, chipewa chili kumutu. Sanawole. Koma munthu amene anali woonda ngati mpini wa tsache anali atanenepa. Masaya anali otupa, onyezimira. Mimba inali itadula mabatani a chikhoti. Ndevu zinagwirana ndi mafuta achikasu mpaka pachifuwa. Makoma a mphangayo anali osalala ngati mbale yotsuka, kulekezera pamene khosi la munthu lingafike. Lilime linali kunja. Linali loyera bwino, lofiira, lonyowa.

Dzanja lamanja linali lotambasula, chikhato chili m'mwamba.

Sabyr anagwada n'kusanza pansapato zake. Ulbosyn sanasanze. Anangoyang'ana chikhatocho. Meirbek anafika akuthamanga ndi kutukwana, koma atasuzumira m'mphangamo anangokhala pansi paphula ndi jekete yake yonyezimira.

Apolisi anabwera n'kutenga mtembo. Pamene apolisiwo ankamufunsa mafunso Sabyr, dokotala amene anapima mtembowo anamuuza kuti mkuluyo anafa ndi chisanu m'masiku a chimphepo chija, ndiye kuti chidebe choyamba cha mafuta chisanathiridwe. Anamuuzanso kuti m'mimba ndi m'khosi munali modzaza mafuta mpaka m'kamwa. Sabyr atafunsa kuti zimenezo zingatheke bwanji, dokotalayo anangoti munthu wakufa sameza, n'kuyatsa ndudu.

Mulu uja unasungunuka tsiku lomwe anaukumbalo. Pofika madzulo panatsala thope lonona lokha, likuyenderera kungalande. Meirbek anachotsedwa ntchito. Ulbosyn anatsala, makamaka chifukwa panalibe wina wolola kusesa ngodya imeneyo.

M'matumba a mkuluyo munalibe chomudziwitsa, ndipo palibe mbale anabwera. Anaikidwa kumanda a anthu osadziwika. Ulbosyn anayenda kusiteshoni ya sitima ndi kuseri kwa msika kufunsa anzake ogona panja, akupumira pakamwa, koma onse ankangomudziwa monga mkulu wa pamapaipi. Munthu mmodzi yekha mumzinda wonse ndi amene anauzidwa dzinalo, ndipo anali atatseka makutu.

Lachinayi linafika. Marzhan anaima pakhomo la khitchini, wokonzeka kuthawa. Mayi ake anathira mafuta, nakanda ufa wochulukirapo kuposa wa masiku onse. Anaponya mkate woyamba.

"Fungoli lifike kwa a Kairzhan," anatero Ulbosyn, "ndi kwa a..."

Analekera pamenepo, chifukwa analibe chotchula.

Marzhan akulumbira kuti m'kachetechete kameneko anamva munthu akukoka mpweya. Unali mpweya wautali, wa mphuno yotsekeka, kumbuyo kwa phewa la mayi ake. Mawindo anali otseka. Utsi wa m'chiwaya, umene umakwera molunjika, unapindikira kumbali n'kuthera m'malere pafupi ndi khutu la Ulbosyn. Mayiyo sanacheuke. Anangotembenuza mkate.

Kenaka khitchini inanunkhira shelpeki, fungo labwino la masiku onse.

Usiku umenewo Kairzhan analowa m'nyumba. Anakhala patebulo nadya, napukuta ndevu. Koma anakhala kumpando wa kuchitseko. Kumpando waulemu, kumene amakhala mlendo wamkulu, kunali munthu wina. Ulbosyn sanamuyang'ane kumaso. Anamukankhira mbale, koma mlendoyo sanatengemo. Anangotambasula dzanja, chikhato chili m'mwamba, n'kudikira. Kairzhan analeka kutafuna nayang'ana mkazi wake. Ulbosyn anatenga mkate n'kuuika m'chikhatomo, ndipo zala zozizira zinamugwira padzanja.

Anadzuka chikhato chake chamanja chili chonyowa, choterera mpaka pakati pa zala, ngati chanyambitidwa mosamala. Anasamba ndi sopo, anasamba ndi viniga, anapala ndi mchere. Fungo la mulu uja linachoka Loweruka.

Zakhala choncho Lachisanu lililonse kufikira lero. Marzhan ananunkhizapo dzanjalo kamodzi, ndipo akuti sadzabwerezanso. Anamuuzapo mayi ake kuti angosiya kukazinga, koma Ulbosyn anayankha kuti akasiya, bambo ake adya chiyani? Ulbosyn akugwirabe ntchito pamasitolo pomwepo. Anzake amalandira mikate yake mwaulemu, ngakhale ena amakaisiya m'thumba. Sabyr amadya, akuti ndi udindo wake. Pangodya ya kumapaipi anafesapo kapinga koma sanamere, ndipo chipale choyamba chikagwa, pamalopo pamatsala pakuda, ponona.

Dzina lija Ulbosyn sakulidziwabe. Akuti masiku ano amalimba mtima m'malotomo, amamuyang'ana mlendoyo kumaso n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Agogo, munati dzina lanu ndinu yani?" Mkuluyo amamwetulira, amatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo mumatuluka mafuta okhaokha.